Kwa mwana wanga amene akukayamba ntchito ku Balaka

Wokondedwa mwana wanga,

Kumene ukupitaku si kutali. Mpaka chaka cha 1998 Balaka inali mbali ya boma lathu lomwe lino la Machinga, ndipo ngakhale lero munthu wochoka kuno ku Ntaja m'mawa, akawoloka Shire pa Liwonde, nsima ya masana amakadyera komweko. Anthu ake ndi omwewa, zilankhulo ndi zomwezi, dzuwa nalo ndi lomweli. Za kusunga ndalama, za mapemphero ndi za anzako oyenda nawo, azakhali ako ndi amalume ako akuuza kale zokwanira, sindibwerezanso. Ine ndasankha nkhani imene kwathu kuno sitiiwerengera m'gulu la malangizo, nkhani ya msana wako. Ntchito wapezayi ndi yokhala pampando, maso ali pa kompyuta, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Chimene ndikufuna umvetse n'chakuti msana umalimba ndi kuyenda ndi kugwira ntchito, sulimba ndi kusungidwa. Kuno kumudzi kuyenda kumabwera kokha osakuitana. Kumene ukupitako kukasowa, ndipo ngati sukakufunafuna mwadala, palibe akakupatse.

Tawerenga tsiku la mtsikana wa kuno. Kusanache wasesa pabwalo, wapita kumjigo, wapopa, wasenza ndowa. Dzuwa likamakwera ali kumunda kapena kudimba, masana akusinja kapena ali panjira ya kuchigayo, madzulo akutola nkhuni kumunsi kwa mapiri a Chikala. Akakhala pansi amakhala pamphasa miyendo atatambasula, posakhalitsa wanyonyomala pamoto, kenako wagwada kupereka madzi osamba m'manja. Palibe ola limene limatha thupi lake lili malo amodzi. N'chifukwa chake pamene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2022 akuluakulu 31 mwa 100 alionse, omwe ndi anthu pafupifupi 1.8 biliyoni, sankagwiritsa ntchito matupi awo mokwanira, Malawi anapezeka m'gulu la mayiko amene vutoli ndi lochepa kwambiri. Tisadzitame nazo. Sikuti Amalawi timakonda majowajowa, koma kusowa ndi kumene kumatiyendetsa wapansi. Tsono iwe ukutuluka m'gulu la ambiriwo. Tsiku lako lidzakhala lotere: wakabaza pakhomo, mpando mpaka masana, chipisi pa desiki pomwepo, mpando mpaka kuweruka, wakabaza, kenako foni pabedi khosi litapindika mpaka tulo. Akabaza ku Balaka ali pakona iliyonse, ndipo ukayamba kulandira malipiro mtengo wawo sudzakupweteka. Munthu kumeneko angathe kutha sabata yathunthu osayenda mtunda wofanana ndi kuchoka pakhomo pano kukafika kumjigo ndi kubwerako.

Kuti uone kuti zimenezi zili ndi kanthu, dziwa kaye mmene msana unapangidwira. Si fupa limodzi ayi. Kuchokera m'khosi kutsika mmusi muli timafupa 24 tosanjikizana toti timatha kugwedezeka: 7 m'khosi, 12 pamene pagwira nthiti, ndi 5 tam'munsi, pamene anthu amagwira akamati m'chiuno mukuwawa. Pakati pa timafupati pali kanthu kofewa kamene madokotala amati disiki, kogwira ntchito ngati nkhata imene umaika pamutu posenza ndowa. Disiki ya munthu wamkulu ilibe mitsempha ya magazi yolowa mpaka mkati. Chakudya chake chimayenda ndi madzi, amene amafinyika kutuluka disikiyo ikapanikizika, n'kubwereranso ikapepukidwa, ndipo n'chifukwa chake munthu amakhala wotalikirako podzuka m'mawa kusiyana ndi madzulo, ndi sentimita imodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Chiwalo chotere chimadalira kusinthasintha, kupanikizika ndi kupepukidwa. Komanso timafupa tokha sitingaime. Chimene chimatigwira ndi minofu ya kumsana, ya pamimba, ya m'mbali ndi ya m'matako. Pampando minofu ya m'matako sichita kanthu, ya kutsogolo kwa chiuno imakhala yopindika tsiku lonse, ndipo ya m'khosi imalimbana ndi mutu wolemera pafupifupi makilogalamu 5 umene wasuzumira kutsogolo kuti uone zolemba. Thupi losagwiritsidwa ntchito silidikira ukalamba kuti lifooke. Mu 1966 madokotala a ku Dallas, ku America, anagoneka pabedi anyamata asanu a zaka 20 kwa masabata atatu, ndipo mphamvu ya mtima ndi mapapo awo inatsika ndi gawo loposa limodzi mwa magawo anayi. Patatha zaka 30 anawayezanso ali madoda, n'kupeza kuti zaka zonsezo sizinawafooketse ngati mmene anawafooketsera masabata atatu aja.

Umboni woyamba woti mpando uli ndi mlandu unachokera m'mabasi. Mu 1953 dokotala wa ku London dzina lake Jeremy Morris anayerekeza madalaivala ndi makondakitala a mabasi osanjikiza a mumzindawo. Anthuwa ankagwira ntchito m'basi imodzi, koma dalaivala ankakhala pansi tsiku lonse pamene kondakitala ankakwera ndi kutsika masitepe kutolera ndalama. Matenda a mtima anapezeka ochuluka mwa madalaivala. Unganene kuti umenewo ndi mtima, si msana, ndipo ukunena zoona. Pa za msana penipeni ndikuuze mosapsatira: umboni woti kukhala pampando pakokha ndiko kumayambitsa ululu wa msana ndi wofooka. Umboni wamphamvu uli mbali inayo, yoti kulimbitsa thupi kumateteza. Mu 2016 ofufuza anasonkhanitsa kafukufuku 21 wokhudza anthu oposa 30,000, n'kupeza kuti masewera olimbitsa thupi amachepetsa kugwidwa ndi msana ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo akaphatikizana ndi kuphunzitsidwa za msana, phindu limakula. Mu 2024 a pa yunivesite ya Macquarie ku Australia anatenga anthu 701 amene msana unali utangowasiya kumene. Ena anawaika pa ndondomeko yoyenda wapansi pamodzi ndi uphungu, ena anangowasiya. Mwa oyendawo, theka linafika masiku 208 msana usanawagwirenso mowalepheretsa zochita, pamene mwa enawo theka linali litagwidwa kale pofika masiku 112. Palibe makina, palibe mankhwala, miyendo basi. Ndipo vutoli si la anthu ochepa. WHO imati mu 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi ululu wa m'munsi mwa msana, kuti pofika 2050 adzakhala 843 miliyoni, ndiponso kuti pa zonse zolepheretsa anthu kuchita ntchito zawo za tsiku ndi tsiku, ululu umenewu ndi umene ukutsogola padziko lonse.

Ndikudziwa chimene uyankhe, poti sukhala chete pamene mfundo ikutsimphina. Ufunsa kuti ngati ntchito imalimbitsa msana, nanga bwanji amayi a ku sikimu ya mpunga ya Domasi ndi alimi a thonje a ku Ulongwe ndi Phalula amadandaula msana chaka chonse, ndipo bwanji agogo ambiri amayenda atapindika pamene mpando wa muofesi sanaukhalepo. Funsoli ndi labwino, ndipo chiwerengero chili mbali yako: pamene mu 2018 anasonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana a mu Africa, anapeza kuti pa nthawi ina iliyonse anthu pafupifupi 39 mwa 100 amakhala akumva msana. Koma tayang'ana mmene ntchitoyo imagwiridwira. Wowokera mpunga amawerama m'madzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili paliwombo, kuwongoka kwake n'kongopukuta thukuta. Wopalira ali ndi khasu la mpini waufupi, mbali imodzi yomweyo, mzere ndi mzere. Wonyamula matumba a makilogalamu 50 sasankha kuti lero ndiyambe ndi 10. Tsiku lopuma palibe chifukwa mvula sidikira munthu, ndipo ntchito yowawayi imagwa mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zili mbee. Kumeneko si kulimbitsa thupi, ndi kulithetsa. Wolimbitsa thupi amasankha yekha kulemera kwa katundu, amawonjezera pang'onopang'ono, amasintha mbali, amapuma, amadya. Ukaonetsetsa, wowokera mpunga ndi kalaliki akudwala chinthu chimodzi: thupi lakhala mmene lakhaliramo nthawi yaitali osasintha. Wina walemetsa msana osaupumitsa, wina waupumitsa osaulimbitsa. Za agogo opindika nazo zili ndi chifukwa china, chomwe ndi kuchepa mphamvu kwa mafupa, makamaka mwa amayi akasiya kusamba. Mafupa amafika pachimake cha kulimba munthu akamayandikira zaka 30, ndipo kuyenda ndi kunyamula ndi zina mwa zimene zimawamanga. Zaka zimenezo kwa iwe ndi zino.

Anzako kuntchito adzakupatsa njira zosavuta. Wina adzati pempha mpando wa mateyala wokhala ndi chotsamira cha msana. Wina adzati gula lamba womanga m'chiuno. Wina adzakukumbutsa za kusukulu, zoti khala mowongoka, chifuwa patsogolo. Mpando wabwino ndi wabwino, ukapatsidwa usakane, koma sulimbitsa mnofu ndi umodzi womwe. Za lamba, kafukufuku wa 2016 uja sanapeze kuti amateteza, ndipo WHO, mu malangizo amene inatulutsa mu Disembala 2023 okhudza msana wopweteka nthawi yaitali, inalangiza kuti malamba otere asagwiritsidwe ntchito ngati chithandizo. Za kukhala chilili ngati msilikali pa perete, yesa uone ngati ungathe mphindi 20 usanatope. Palibe kakhalidwe kamodzi kamene akatswiri anakapeza kuti ndiko koteteza aliyense. Wokhala mowongoka maola anayi osasuntha adzamva kuwawa chimodzimodzi ndi wokhala mofwanyirira maola anayi. Pali chinthu chimene akatswiri anaphunzira kwa Ahadza, anthu osaka nyama ndi kufuna zipatso za kutchire ku Tanzania. Mu 2020 ofufuza anapeza kuti nawonso amatha pafupifupi maola 10 patsiku osayenda, mofanana ndi anthu a m'mizinda ya ku Ulaya ndi America, koma kupuma kwawo kwina ndi konyonyomala ndi kogwada, kumene minofu imakhala ikugwirabe ntchito pang'ono. Zimenezo kwa ife si zachilendo, ndi mmene unakulira. Choncho usakasiye kunyonyomala pochapa kapena kukhala pamkeka madzulo poganiza kuti n'zachimidzi. Ambiri amene akhala pampando zaka zambiri sangathenso kunyonyomala zidendene zili pansi, ndipo kukubweza n'kovuta kuposa kukusunga.

Pa desiki pako konza zochepa izi, zosafuna ndalama. Mapazi onse aponde pansi, ndipo ngati mpando watalika, ika bokosi kapena njerwa kumapazi. Chigongono chikhale pafupi ndi nthiti, mapewa asakwere kumakutu. Galasi la kompyuta likhale moyang'anizana ndi maso. Ngati wapatsidwa laputopu, ikweze pa mapepala osatsegula kapena pa mabuku akale a kaundula, upemphe kiyibodi yapadera. Foni usaipane pakati pa khutu ndi phewa polemba, ndipo powerenga uthenga kweza foniyo, osati kutsitsa mutu. Koma chachikulu pa zonsezi ndi kudzuka. Pakatha mphindi 30 zilizonse imirira, dziwongole, gwira m'chiuno n'kupendekera kumbuyo pang'ono, yenda mpaka pakhomo n'kubwerera. Fayilo kapereke wekha, usatume mesenjala. Mnzako wa chipinda chinacho kalankhule naye pamaso, osati pa WhatsApp. Imwa madzi ambiri, amene kutentha kwa ku Balaka kukufuna kale, ndipo madziwo adzakudzutsa okha. Amene amaswali kasanu patsiku ali nako kale kuimirira, kuwerama ndi kugwada koikidwa pa nthawi yake. Amene alibe zimenezo ayenera kudziikira alamu pafoni.

Kudzukadzuka kokha sikukwanira. Muyeso umene WHO inaika mu 2020 kwa munthu wamkulu ndi mphindi 150 mpaka 300 pasabata za ntchito yotulutsa kathukuta, kuwonjezapo masiku awiri kapena kuposa a masewera olimbitsa minofu. Mphindi 150 ndi mphindi 30 kwa masiku asanu. Udzati nthawi palibe. Nthawi ilipo, yabisala m'ulendo wa kuntchito. Posankha nyumba ya lendi, usaone ngati tsoka ikakhala pa mtunda wa makilomita awiri kapena atatu kuchokera kuofesi, chifukwa mtunda umenewo ndi mphindi 30 zomwezo zoyenda mwachangu, kuyenda koti ukhoza kulankhula koma kuimba ayi. Udzati kukutentha. Ndi zoona, mu Okutobala ndi Novembala dzuwa la kumeneko silichitira munthu chisoni. Nyamuka m'mawa lisanapse, nsapato za kuofesi zili m'chikwama, kumapazi kuli zofewa zopanda chidendene, ndipo chikwamacho chikhale chobereka kumsana, osati cholendewera paphewa limodzi. Kukada usayende wekha, apo kwera kabaza, chimodzimodzi mvula ikagwa kapena ukakhala ndi katundu. Akabaza sindikudana nawo, nawonso akufuna kudyetsa ana. Ndikukana zowasandutsa miyendo yako. Udzati malo ochitira masewera ndi olipira. Palibe wakutuma kumeneko. Ntchemberembaye unkasewera kusukulu, ndipo matimu a atsikana sasowa kumipingo ndi m'madera. Kuvina nako kumawerengedwa, kaya ndi manganje, kaya ndi kwaya yovina, bola thukuta lituluke.

Za minofu ndikufotokozera bwinobwino, chifukwa ndi pamene ambiri amasochera. Chofunika ndi mkeka ndi malo oti ungagone utatambasula manja. Yamba ndi kugona chagada, mawondo atapinda, mapazi ataponda pansi motalikirana ngati m'lifupi mwa chiuno. Finya matako, kweza chiuno mpaka thupi liwongoke kuchokera m'mapewa kufika m'mawondo, werenga mpaka 5 ukupuma bwinobwino, tsika pang'onopang'ono. Ngati ukumva kukoka m'munsi mwa msana m'malo mwa m'matako, wakweza mopitiriza. Chita kakhumi. Kenako gwada, manja pansi molunjika mapewa, mawondo molunjika chiuno. Tambasula dzanja lamanja kutsogolo ndi mwendo wamanzere kumbuyo nthawi imodzi, chala chachikulu cha kuphazi chikuloza pansi, ndipo apa luso lonse lili pa kusapendekeka: chiuno chisatembenuke, mimba isalendewere, maso ayang'ane mkeka. Poyamba udzanjenjemera, mwina kugwa kumene, ndipo kunjenjemerako ndi timinofu tamkati timene tikuphunzira ntchito. Gwira mpaka 5, sintha mbali. Kachitatu gona chammbali, chigongono pansi pa phewa, mawondo atapinda, kweza chiuno kuchoka pamkeka n'kugwira mpaka 10. Pakapita masabata udzatha kuchita miyendo itawongoka. Pomaliza imirira patsogolo pa mpando, tsika ngati ukufuna kukhala, matako akangokhudza dzukanso osagwira ndi manja. Zonsezi sizitha mphindi 15, ndipo kawiri kapena katatu pasabata n'kokwanira.

Usaope kunyamula. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo msana wa mtsikana wathanzi suthyoka nayo ngati wazolowera. Iyandikize kuthupi, pinda m'chiuno ndi m'mawondo, limbitsa pamimba, dzuka ndi miyendo, ndipo usapotoke uli chinyamulire, tembenuka ndi mapazi. Choopsa chili apa: munthu wakhala pampando miyezi 11, Disembala wabwera kutchuthi, akufuna kuonetsa kuti tauni sinamuwononge, watenga khasu tsiku lonse kapena wanyamula thumba la feteleza. Mawa lake sakutha kudzuka, ndiye mlandu ukugwera khasu. Khasu silinalakwe, thupi ndi limene linasiya kukonzekera. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Wonjezera pang'ono sabata iliyonse, ndipo usasiye, pakuti kafukufuku wa 2016 uja anaonetsanso kuti chitetezocho chimazilala pakapita chaka. Si katemera woti ukabayitsa kamodzi wathana nazo.

Chopinga chachikulu sindikuona kuti ndi nthawi kapena dzuwa, koma manyazi. Kwathu kuno sukulu timaitenga ngati njira yothawira khasu, ndipo wophunzira akamayenda wapansi anthu amafunsa ngati ntchito yatha. Wonenepa timamuyamikira kuti akusungidwa bwino, wochepa thupi timamunong'oneza. Udzamva anthu akuti mtsikana wa muofesi uja ndi woumira, akukaniza ndalama ya kabaza. Maganizo amenewa ali ndi pochokera. Anabadwa m'nthawi imene kuonda kumatanthauza njala kapena matenda, ndipo sindinyoza amene anakula nawo. Koma nthawi yasintha mofulumira kuposa maganizo. Zipatala zathu za m'maboma tsopano zili ndi masiku a odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo pamzere pamenepo amene anathawa khasu sasowapo. Sukulu inakuchotsa pa ntchito yokakamiza kuti uzisankha wekha chochita ndi thupi lako. Amayi a kusikimu alibe mwayi wosankha kuti lero ndiwerama mphindi 15 zokha. Iwe uli nawo, ndipo kuugwiritsa ntchito pongokhala n'kuuwononga.

Tsono ngakhale uchite zonsezi, tsiku lina msana ukhoza kukugwira, chifukwa anthu ambiri umawagwirapo pa moyo wawo. Likadzafika tsikulo usadzachite mantha, ndipo usadzathamangire kuganiza kuti wina kuntchito wakuponda chifukwa cha nsanje. Mwa odwala msana 10, pafupifupi 9 sapezeka ndi nthenda yodziwika imene yayambitsa, ndipo ambiri amapeza bwino pakapita masabata ochepa. Mtima udzakuuza kuti gona mpaka upole. Ku Helsinki, m'dziko la Finland, anayesa zimenezi mu kafukufuku amene anatuluka mu 1995: ogwira ntchito amene msana unali utangowagwira anawagawa patatu, ena kugona masiku awiri, ena kuchita masewera apadera a msana, ena kupitiriza zochita zawo za masiku onse mmene angathere. Amene anachira msanga ndi opitiriza zochita zawo, ndipo ogona ndi amene anachedwa kuposa onse. Ona kuti ngakhale masewera apadera sanapambane pamenepo. Masewera ndi omanga thupi usanadwale ndiponso ululu ukayamba kuzilala, pamene masiku oyamba chofunika ndi kuyendayenda pang'ono, kusinthasintha kakhalidwe ndi kuthowa ndi nsalu yofunda. Brufen, Indocid ndi diclofenac, amene anthu amagula m'magolosale n'kumamwa ngati maswiti, amachepetsa ululu kwa masiku ochepa, koma kumwa nthawi yaitali kumatupula zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, ndipo woyembekezera asamwe popanda dokotala. Za kujambulitsa nazo usaumirire. Mu 2015 anasonkhanitsa zithunzi za misana ya anthu amene samva kuwawa kulikonse, n'kupeza kuti mwa a zaka 20, anthu 37 mwa 100 madisiki awo ankaoneka operepeseka, ndipo mwa a zaka 80 anali 96 mwa 100. Chithunzi chikhoza kukuonetsa chinthu chimene sichikukupweteka, n'kukusiya ndi mantha oti msana wako ndi wowonongeka, ndipo mantha amenewo ndi amene amamangirira munthu pampando.

Koma pali msana wina umene sufuna mkeka, ufuna chipatala tsiku lomwelo. Ngati miyendo ikufooka kapena phazi likukokera pansi, ngati wachita dzanzi pakati pa ntchafu ndi kumalo obisika, ngati mkodzo ukukanika kutuluka kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka osadziwa, usadikire kuti kuche. Chimodzimodzi ngati ululu wabwera utagwa kapena utachita ngozi ya njinga yamoto. Ngati msana ukuwawa usiku osaleka, thupi likutentha, ukutuluka thukuta pogona ndipo ukuonda, kayezetse, chifukwa TB simangogwira mapapo, imadyanso mafupa a msana, ndipo ikapezeka msanga imachizika. Ife oyandikana ndi Chilwa, Chiuta ndi Shire tili ndi chinanso: likodzo, ngakhale sizichitika kawirikawiri, limatha kufika ku mtsempha waukulu wa mumsana n'kufooketsa miyendo, choncho adokotala uwauze kuti unakulira kosamba m'madzi otere. Ululu wa m'mbali wobwera ndi kutentha thupi ndi kuwawa pokodza ukhoza kukhala wa impso. Zoterezi mphini sizichiza, zimangodya masiku. Chipatala cha boma cha Balaka chili pafupi nawe, cha Machinga chili pa Liwonde, ndipo iwo ndi amene amatumiza ku zipatala zazikulu pakafunika. Ngati ululu wamba wapitirira masabata 6 osasintha, pempha kuonana ndi a fiziyo. Akatswiri amenewa dziko lino linayamba kuwaphunzitsa lokha mu 2010 ku College of Medicine, imene lero ili mu Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kukuphunzitsa masewera oyenera thupi lako, osati kungokusisita.

Chizolowezi cha ku malo atsopano chimakhazikika m'masabata oyamba. Wakabaza amene akakunyamule Lolemba loyamba adzakhala pakhomo pako Lachiwiri osamuitana, ndipo pofika mwezi udzachita manyazi kumubweza. Choncho yamba wapansi tsiku loyamba lomwelo, msana usanayambe kudandaula, ndipo mkeka ugule pamodzi ndi mbale ndi mapoto. Abambo ako ndi azing'ono ako akupereka moni. Uyende bwino, ndipo ukafika utiimbire.

Ndine,
Mayi ako